Kampini Kakafupi ka Lachisanu

Ine ndikatseka maso ndimaona Lachisanu. Lolemba sindiliona, Lachitatu sindiliona, amenewo anapita ndi dengu kumsana, onse ofanana ngati mizere ya tiyi. Koma Lachisanu, eee, Lachisanu limabwera lokha osaliitana. Limabwera likununkhira sopo, litafunda nkhungu ya m'mapiri a kwathu ku Thyolo, n'kudzakhala pansi pa mtengo wa mapeyala ngati mlendo wodziwa pakhomo.

Ndinathyola tiyi kuyambira utsikana wanga mpaka mawondo anati basi. Amuna anga, abambo a kwathu, iwo anali odulira. Tiyi akakalamba amafuna kudulidwa mutu kuti aphukenso, ndiye odula ake anali iwo, ndi mpeni wawo wopindika kunsonga. Mpeni ukati kwapu, nthambi pansi. Kwapu, pansi. Munda wonse n'kutsala wosalala ngati tebulo la kutchalitchi.

Ife ndife a Sabata. Lachisanu dzuwa lisanalowe zonse zikhale zitatha, madzi atungidwa, ndiwo zapsa, malaya asitidwa, nsapato zapukutidwa. Chomaliza pa zonse chinali ndevu. Abambo ankatulutsa kampando kawo, beseni la madzi otentha, ndi chidutswa cha galasi chimene anatola tsiku lija thirakitala inagwera m'ngalande. Galasilo ankalikhazika pa mphanda ya mtengo. Lezala ankalithyola pakati n'kuligwira ndi zala ziwiri, losavala kanthu, dzanja lamanzere likukoka tsaya, lamanja likuyenda. Tseee, tseee. Osadzicheka, osabwereza.

Ndiye panali akapitawo. Akapitawo amenewa sanali a kumunda ayi. Anali mdzukulu wathu wamkazi, mwana wa mwana wanga woyamba, amene tinkakhala naye mayi ake ali kusukulu ya unamwino. Kamunthu kolekeza m'bondo. Abambo akamaliza ankaika manja kumbuyo monga amachitira wantchito pamaso pa bwana, n'kuwerama, n'kunena kuti, "Akapitawo, ntchito yatha, tayiyendereni." Kamwana n'kuyendetsa kadzanja patsaya, kuchokera kukhutu mpaka pachibwano, nkhope itakwinyika ngati kapitawo weniweni. Ndipo Lachisanu lililonse kankapeza.

"Apa mwasiya!"

Kankapeza chifukwa abambo ankasiya dala kamalo kakang'ono kunsi kwa khutu, kuti akapitawo asabwerere chimanjamanja. Akatero ankadandaula kuti akapitawo awa ndi ankhanza, adzawachotsetsa ntchito ndithu, n'kumeta kamaloko mwana akufa nalo phwete.

Mayi ake atapeza ntchito kuchipatala cha mishoni anadzamutenga mwanayo. Pakhomo panati zii. Koma abambo sanaleke kusiya kamalo kaja. Ankakameta okha pomaliza, maso ali kumsewu.

Zinali zaka zija mafoni a m'manja atangofika kumene m'matumba a makalaliki. Mwezi wozizira, chiperoni chikuwaza usana wonse, kudulira kuli pakati. Anzawo odulira anandipeza ndili pa mzere wa kusikelo. "Amayi, thamangani, akuluakulu agwa." Anagwa pakati pa tiyi, mpeni uli m'manja, osafuula, akuti anangokhala pansi ngati munthu wakumbukira kanthu. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako patapita masabata, ali moyo, Mulungu alemekezeke, ali moyo! Mwendo unkakoka koma unkayenda. Koma dzanja lamanja, dzanja la mpeni, dzanja la lezala, linkangolendewera ngati tsamba la nthochi lothyoledwa ndi mphepo. Pakamwa panapotokera mbali imodzi, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi ngati mbuzi pakhomo la khola.

Ndevu zokha sizinadwale. Mwini wake ali gone, izo zili kalikiliki, zoyera ndi zakuda kusakanikirana. Lachisanu loyamba anayesa ndi dzanja lamanzere, lezala lija losavala. Dzanja lili njenjenje. Kusanathe kuphethira, magazi ali pakolala. Anaponya lezala m'beseni.

Ine ndinati, "Bambo, bweretsani chibwanocho kuno. Zala zangazi zimasankha masamba awiri ndi kansonga maso ali kwina, zingalephere ndevu?"

Mumpingo mwathu mwamuna akamwalira, omusambitsa ndi kumumeta anali iwo, zaka zambirimbiri, chifukwa dzanja lawo linali lofatsa. Ndiye anayamba kukoka mawu awo aja, limodzilimodzi.

"Mayi. Ine ndameta amuna ambiri. Atagona chagada. Palibe anadzuka. Tsiku limene dzanja la wina lidzandimete, mukhale mutaitana okumba manda."

Ndinafuna kuseka, pajatu ine kuseka sindichedwa, koma tsiku limenelo kuseka kunakana. Anaiona bwino nkhope yanga kuti ndamva. Nkhani inathera pomwepo, ndevu n'kumapitiriza ulendo wawo.

Patapita miyezi iwiri mwana wanga anabwera ndi akapitawo kudzaona odwala. Abambo anali atakhala pakhonde, akuwothera kadzuwa. Kamwana kanatsika kumsewu kakuthamanga, kakuimba "Agogo aamuna, agogo aamuna!" mpaka pafupi ndi khonde, kenako kanaima nji. Kanaona chimunthu cha ndevu zofika pachifuwa, pakamwa popotoka, chikutambasula dzanja limodzi. Kulira kwake, mayo ine, mbalame zinathawa mumtengo.

"Awa si agogo! Agogo anga mwawaika kuti?"

Tinayesa kunyengerera, tinayesa nthochi, tinayesa kubereka, ayi ndithu. Abambo anadzuka pang'onopang'ono, anakoka mwendo wawo, analowa m'nyumba. Chitseko chinati khu.

Kuyambira tsiku limenelo pakhonde sanakhalenso. Kampando kanayamba kumera ndere pansi pa mtengo. Kutchalitchi anasiya. Anzawo a mumpingo akabwera ankayankhula nawo atatembenukira kukhoma. Chakudya ankangotsina pambali. Ine ndikapita kumunda ndinkawasiya akuyang'ana khoma, pobwera n'kuwapeza akuyang'ana khoma lomwelo, ngati pali kanema. Ndinaona kuti munthu uyu sitiroko yamusiya, koma akupita yekha, mwakachetechete, tsiku ndi tsiku.

Mwana wanga anatumiza zometera za pulasitiki, zachikasu, zazitali, zopepuka ngati phesi. Abambo anayesa chimodzi ine ndili kumadzi. Pobwera ndinachipeza chili m'nthochi, chitatsamwa ndi ndevu. Anati, "Chimavina."

Kenako kunabwera uthenga. Mwana wanga akuti adzabwera Lachisanu la sabata yamawa, iye ndi mwana, kudzapembedza nafe. Nditawauza abambo, sanatembenuke n'komwe.

"Ndidzakhala kuchipinda. Mudzati ndagona. Mwana asandione."

Apo ndiye ndinadziwa kuti mwana akabwera n'kubwerera chitseko chili chotseka, chitseko chimenecho sichidzatsegukanso.

Mnzanga wothyola naye anandiuza kuti ku Bvumbwe kuli mkulu wina wachisilamu wa sitolo yaing'ono, amene sataya zinthu zakale. Ndinati ndipita tsiku loyamba la sabata. Koma ndinadzifunsa, nsapato za mwana timapita ndi kachingwe koyezera phazi, nanga ine ndipita ndi chiyani? Dzanja la abambo sindingalitenge m'thumba. Ndiye ndinati, dzanja lamanzere ndili nalo langa, losaphunzira ngati lawo lomwe. Ndinatenga mpango n'kumanga dzanja langa lamanja pamimba, mkati mwa chitenje, kuti lisandithandize ngakhale litamva chisoni.

Mu minibasi mayi wina wa dengu la tomato anandiyang'ana mwachifundo. "Pepanitu agogo, dzanja mwatani?"

"Lili patchuthi, mwana wanga. Lagwira ntchito kuyambira musanabadwe."

Sitolo ndinaipeza kuseri kwa ogulitsa kabichi, yakuda mkati, yonunkhira sopo ndi parafini. Mwini wake anali mkulu wamsinkhu wa abambo a kwathu, kachipewa koyera pamutu, ndevu zake zoyera zosamalidwa bwino ngati maluwa a kunyumba ya bwana. Nditaona ndevuzo mtima unagwa.

"Achimwene, ndasokera. Ndimafuna chometera ndevu, koma ndikuona kuti inu simuchidziwa."

"Amayi, ndimagulitsanso mabotolo a makanda. Kodi mwandiona ndikuyamwa?"

Eee, kuseka kwanga kuja kunabwerera pomwepo, kunabwera ndi misozi yomwe. Ndinakhala pa thumba la mchere n'kuwafotokozera zonse, za mpeni, za dzanja, za amuna ogona chagada, za akapitawo. Anamvetsera osandidula. Nditamasula chitenje pang'ono kuwaonetsa dzanja lomanga, anagwedeza mutu, n'kulowa kuseri. Anabwerako ndi chitini cha mabisiketi chadzimbiri.

"Izi anasiya bambo anga. Masiku ano anthu akufuna zotaya. Izi sizitayidwa."

M'chitinimo munali tizitsulo titatu tometera, tokulungidwa m'nyuzipepala. Kalikonse kanali ndi mutu wobisamo lezala, kuti mano okha azisuzumira, ndi mpini wake. Kena mpini wautali ngati supuni, kena wapakati, kena kakafupi ngati kosamaliza kukula.

Ine sindinachedwe. Ndinakulira kumunda, ndikudziwa mipini. Khasu la mpini wautali ndilo la munthu wofooka msana, nkhwangwa ya mpini wautali ndiyo imagwetsa bulugamu. Munthu wa dzanja lopanda mphamvu, ndinati, apatsidwe mpini wautali umuthandize. Ndinatola kakatali kaja ndikumwetulira.

"Aka. Kulungani."

"Mwamangiranji dzanja, amayi, ngati mukusankha ndi maso? Tayesani."

Anatenga kapu ya chitsulo, kachidutswa ka sopo, timadzi, ndi kaburashi ka ubweya ngati mchira wa gologolo. Chapu, chapu, chapu, thovu n'kukwera m'kapu ngati mtambo wa pa phiri. Anandipatsa kagalasi, koma m'kachitsulo lezala sanaikemo. Ndipo ine, gogo wa zidzukulu, ndinadzipaka thovu kumaso pakati pa Bvumbwe, amayi a kabichi atadzaza pakhomo, wina akuitana mnzake kuti bwera udzaone zakumapeto kwa dziko.

Ndinagwira mpini wautali kunsonga ngati khasu. Ndinati ndipite pachibwano, mutu wake unakafika pamlomo. Ndinati ndipite patsaya, unakagogoda khutu. Dzanja likanjenjemera pang'ono kuno kumchira, uko kumutu ndiye gule. Chimavina! Mawu a abambo aja ndinawamvera pankhope panga. Ndinayesanso, ndinayesanso, amayi pakhomo akundiimbira m'manja.

"Imani pomwepo," anatero mkulu uja. "Taonani zala zanu."

Ndinayang'ana m'galasi. Zala zanga, osandiuza, zinali zitakwera zokha mpini wonse mpaka pakhosi pa kachitsulo, pafupi ndi mutu. Zinakakhala pamenepo ngati anapiye pa make. Mpini wonse unatsala kumbuyo wopanda ntchito, ukungondibaya pachifuwa ndikafuna kumeta kunsi kwa chibwano.

Ndipo sitolo ija inasungunuka, ndinaona abambo a kwathu ali anyamata, atakhala pansi pa mtengo womwe uja usanabale, akucheka ndi sowo mpini wa mpeni watsopano umene analandira kuntchito. Chaka chilichonse ankatero. Kapitawo wa kumunda ankakalipa kuti akuwononga katundu wa kampani, iwo n'kumangoti, "Bwana, dzanja lizikhala pafupi ndi pamene likudula. Likatalikira, mpeni umaganiza wokha." Zaka zonsezo ndinkasesa tizidutswa ta mipini pabwalo, ndi kusonkhezera moto, osadziwa kuti ndikusesa yankho langa.

Ndinaika pansi kakatali kaja. Kapakati sindinakakhudze n'komwe. Ndinatola kakafupi.

Aaa, kanthu kaja! Kutalika ngati chala changa chapakati, koma kulemera ngati loko wa pachitseko. Mpini wake wokakala ngati chitsononkho, woti ngakhale zala zili ndi sopo sungapulumuke. Kanakhala m'zala zitatu, mchira wake n'kutsamira pa kachala kakang'ono, ngati kanabadwira pomwepo. Ndinati pachibwano, kanapita pachibwano. Ndinati patsaya, kanapita patsaya. Dzanja linkanjenjemerabe, koma kulemera kwake kunkameza kunjenjemerako. Thovu linachoka mzere umodzi woongoka, amayi a kabichi n'kululutira.

Mkulu uja anandionetsa chinsinsi chake. Ukapotokola kumchira, mutu umatseguka pawiri ngati duwa la dzungu m'mamawa. Uikemo lezala lathunthu, upotokolenso, duwa n'kutseka. Anati ndevu zazitali ziyambe zadulidwa ndi sizasi. Anati thaulo lonyowa lotentha likhale kumaso mpaka ndevu zifewe. Anati azitsata kumene ndevu zagonera, ndipo asakanikize.

"Muwauze kuti kachitsuloka kali ndi kulemera kwake, iwo angokaperekeza."

"Achimwene, amuna anga sauzidwa."

"Ndiye musawauze," anatero, akuika kaburashi kaja m'pepala limodzi ndi malezala.

Pobwerera ndinakhala pawindo. Tiyi anayamba kuoneka, wobiriwira mpaka kumene maso amalekeza, nkhungu ikuyenda pamwamba pake pang'onopang'ono ngati thovu patsaya la dziko. Ndinaona mapiri onse atakhala pa timipando, akudikira kumetedwa. Ndinkaimba chamumtima kanyimbo kopanda mutu, kampini kakafupi, kampini kakafupi, kanditsegulire chitseko. Dzanja lamanja ndinaiwala kulimasula mpaka kunyumba.

Masiku anayi kachitsulo kanagona m'thumba la ufa wa chinangwa. Ndinkadziwa kuti ndikakapereka m'manja, kakagona m'nthochi. Ndinkathyola tiyi ndikuganiza, masamba awiri ndi kansonga, ndiwapatsa bwanji, masamba awiri ndi kansonga, ndiwapatsa bwanji. Lachinayi ndikusamba ndinadzigwira pachibwano, n'kupeza titsitsi tanga titatu timene ukalamba unandipatsa ngati mphatso. Ndinaseka ndekha kubafa mpaka mnzanga wa nyumba yoyandikana anafunsa ngati ndili bwino.

Lachisanu ndinaweruka msanga. Ndinaphika, ndinasita, ndinatereka madzi. Dzuwa litapendeka ndinatsegula chitseko cha kuchipinda kuti mbee, n'kukhala pakhomo penipeni pamene kuwala kumagwera. Abambo ali pamphasa, nkhope kukhoma. Ndinaika beseni, ndinaika galasi la thirakitala, ndinayamba. Chapu, chapu, chapu. Fungo la sopo linalowa m'chipinda lisanapemphe. Ndinaona phewa lawo likugwedezeka.

"Mukutani?"

"Ndikumeta ndevu, bambo. Kukubwera alendo. Pakhomo pano pakhale mmodzi wometa."

Anatembenuka. Kwa nthawi yoyamba m'masabata ambiri anatembenuka. Anandipeza ndili mbuu ndi thovu mpaka m'mphuno, kachitsulo kali m'dzanja lamanzere. Ndinakagwira dala moipa, ndi nkhonya yonse, chigongono m'mwamba, n'kumakanda chokweza ngati ndikupala mamba a nsomba.

"Mayi. Si khasu limenelo."

"Ndisiyeni, ndevu ndi zanga."

"Mukupita chokwera. Mudzicheka."

"Ndikadzicheka ndidzicheka ndekha. Inu yang'anani khoma lanu, lingathawe."

Anapirira pang'ono. Koma munthu amene wakhala moyo wonse akudula zinthu mosalala sangaonerere ntchito ikuwonongeka pamaso pake. Ndinamva mphasa ikulira, ndinamva mwendo ukukoka.

"Bweretsani kuno."

Anakalandira. Anakayeza m'dzanja, kukweza, kutsitsa. Chala chachikulu chinayenda pa kampini kokakala kaja mpaka kumapeto, n'kupeza kuti kathera pompo. Mbali yamoyo ya pakamwa pawo inagwedezeka.

"Anadula ndani mpiniwu?"

"Kanabadwa choncho."

"Hmm. Alipo anzeru."

Kenako anayang'ana panja, kumtengo wa mapeyala, n'kunena kuti muno mulibe kuwala. Ine ndinathamanga ngati mtsikana kukapukuta ndere pa kampando.

Tinayamba ndi sizasi. Apa panali mlandu, chifukwa dzanja limodzi silingagwire ndevu n'kudulanso. Tinagwirizana kuti ine ndizigwira, iwo azidula, pakuti wogwira sameta. Ndinkatsina ndevu ndi zala ziwiri monga ndimatsinira tiyi, iwo n'kuti khwepu. Tsina, khwepu. Tsina, khwepu. Ndevu zikugwa pansi, nkhuku zikubwera kudzaona ngati n'zodyedwa. Kenako thaulo lotentha. Atalichotsa, nthunzi ikutuluka kumaso, ndinaona chibwano cha mnyamata amene anandifunsira kudambo la ku Khwethemule, chikusuzumira pansi pa chiputu.

Thovu anadzipaka okha. Ine ndinagwira galasi. Anakweza kachitsulo, dzanja lili njenjenje. Kanafika patsaya lamanzere, mbali yamoyo. Anafufumitsa tsaya ndi mpweya kuti khungu likungike. Tseee. Mzere umodzi, woyera, wopanda magazi. Anatsuka m'beseni. Tseee. Sindinawauze kuti asakanikize. Dzanja lawo linamva lokha.

Mbali yakufa ndiyo inavuta. Tsaya la kumanja linakana kufufuma, linangolendewera, makwinya okhaokha. Anayesa kamodzi, kadontho ka magazi kanatuluka pafupi ndi mlomo. Anaima. Ndinaona maso awo akubwerera kukhoma kuja. Dzuwa linali litakhala pamwamba pa mabulugamu, ndipo kutali kumsewu ndinamva galimoto ikuima.

"Bambo, ndikubwerekeni chala chimodzi."

"Ndinanena kale."

"Munanena za dzanja lometa. Ichi ndi chala, chilibe lezala. Chingokoka khungu basi. Amuna aja munkawameta, alipo anagwirapo kachitsulo yekha?"

Anaganiza. Madzi m'beseni akuzizira, iwo akuganiza.

"Chimodzi chokha."

Ndinaika chala changa pafupi ndi khutu lawo n'kukoka. Khungu linali lofunda. Mbali imene ankati yafa inali yofunda, anthuni! Kachitsulo kanadutsa pafupi ndi chala changa, tseee, chala n'kusuntha, tseee, chala n'kutsika, ngati anthu awiri akupalira mzere umodzi. Kunsi kwa mphuno kampini kakafupi kanalowa bwinobwino, kunsi kwa chibwano sikanagunde pachifuwa. Anatsuka kumaso. Anapukuta. Anadziyang'ana m'galasi la thirakitala nthawi yaitali.

Mapazi anamveka kanjira ka m'nthochi. Mwana wanga patsogolo ndi chikwama, kamwana kumbuyo, katagwira chitenje cha mayi ake ndi manja awiri. Tsiku limeneli sikanathamange, sikanaimbe. Kanasuzumira ndi diso limodzi. Pakamwa pa agogo panali popotokabe, dzanja linali lolendewerabe, zimenezo lezala silichotsa. Ndinaona kamlomo kakuyamba kunjenjemera.

Abambo anadzuka pa kampando. Anatenga dzanja lakufa ndi lamoyo, n'kuliika kumbuyo. Anawerama pang'onopang'ono mpaka ndinaopa kuti agwa.

"Akapitawo. Ntchito yatha. Tayiyendereni."

Kamwana kanasiya chitenje ndi dzanja limodzi, kenako linalo. Phazi limodzi. Lina. Kanafika, kananunkhiza sopo, nkhope n'kuyamba kukwinyika, kukwinyika kuja kwa ntchito. Kadzanja kanakwera. Kanayamba mbali yakufa, osaopa, kanatsika pachibwano, kanakwera mbali inayo, mpaka kunsi kwa khutu. Kanaima.

"Apa mwasiya!"

Ine ndinagwira galasi nthawi yonse ija koma sindinaone pamene anasiyira. Abambo anaseka ndi theka la pakamwa, kuseka kokhala ngati chitseko chadzimbiri, akuti akapitawo awa nkhanza sanasiye, munthu wodwala osamumvera chisoni. Ine ndinalulutira mpaka a nyumba zoyandikana anatuluka ndi zipande m'manja. Ndinavina ndi beseni, madzi a ndevu akutayikira pa chitenje changa cha Sabata, thovu louma lili m'makutu mwanga, titsitsi tanga titatu tili pomwepo tosametedwa. Dzuwa linalowa titaimirira tonse pabwalo. M'mawa mwake abambo anavala jekete, anakoka mwendo wawo mpaka kutchalitchi, akapitawo atawagwira chala.

Anakhala nafe zaka zingapo pambuyo pake, ndipo Lachisanu lililonse linali lathu atatu, iwo, ine, ndi kampini kakafupi. Ine kutsegula duwa ndi kuikamo lezala, ine kugwira galasi, ine chala chimodzi. Chimodzi chokha, sanawonjezerepo. Koma kamalo ka kunsi kwa khutu tsopano ankakasiya kosameta, mpaka akapitawo abwere kudzayendera.

Anatisiya tsiku la Sabata masana, atakhala pa kampando kawo, titangobwera kopembedza. Amuna a mumpingo atabwera kudzawasambitsa, mmodzi anatulutsa lezala m'thumba. Anayendetsa dzanja patsaya, uku ndi uku, n'kutuluka kudzandipeza pakhonde.

"Amayi, akuluwa anameta kale okha. Pangotsala kamalo kakang'ono kunsi kwa khutu."

Ndinati, "Bwezani lezala lanu m'thumba, achimwene. Pamenepo mpa akapitawo."

Ndipo pakati pa maliro, anthu ali khumakhuma, ine ndinamwetulira mpaka mano onse panja, chifukwa dzanja la wina silinawamete. Silinawamete, anthuni, silinawamete! Kachitsulo kali m'chitini changa cha ulusi. Lachisanu dzuwa likapendeka ndimakatulutsa, ndimakagwira ndi dzanja lamanzere, ndipo kamakhala kofunda ngati wina wangokasiya kumene.